MWANA AKAIMIRIRA KUNENA ZA BUKU M'KALASI

M'masukulu a m'maboma a Petauke ndi Nyimba, monganso m'masukulu ena onse a m'Cigawo ca Kum'mawa, imakwana nthawi pamene mphunzitsi wa Cinyanja atseka buku limene ana akhala ali kuwerenga, nachula dzina la mwana mmodzi kuti aimirire ndi kuuza anzace cimene iye waona m'bukumo. Nchito imeneyi ioneka yaing'ono, pakuti sipitirira mphindi 3 kapena 5, koma ana ambiri amaiopa koposa mayeso olemba. Ena tsikulo mutu umawawawa mwadzidzidzi. Ena amaimirira ndithu, koma maso ali pansi, cala ciri kukanda desiki, ndipo mau ao samveka ngakhale kwa mnzao wa pa mpando woyandikana nao. Aliponso ena olimba mtima amene amalankhula mokweza bwino, koma cimene acita ndi kubwereza nkhani yonse kuyambira pa tsamba loyamba, kotero kuti belu limawapeza asanafike ndi pakati pomwe.

Ana onsewa bvuto lao ndi limodzi. Sanamvetse cimene mphunzitsi afuna, ndipo kunyumba palibe amene anawamvetsera asanapite kukalankhula pamaso pa anthu. Makolo ambiri a m'midzi aganiza kuti za mabuku nza aphunzitsi okha, makamaka makolo amene iwo eni sanapite patali ndi sukulu. Ganizo limeneli nlolakwa. Pa nchito zonse za kusukulu, iyi ndiyo imene kholo losadziwa kuwerenga lingathe kuthandizapo mwana koposa zina zonse, cifukwa luso limene lifunika pamenepa ndi lakale kwambiri m'midzi ya Ansenga, ndipo lipezeka pa bwalo la milandu ndi pa moto wa madzulo.

Mphunzitsi akati, "Tiuze za buku ili," safuna kuti mwana anene nkhani ija kaciwiri. Kalasi lonse laiwerenga kale, ndipo mphunzitsiyo mwina waiwerenga zaka zambiri. Kuibwereza kuli ngati kufotokozera za maliro anthu amene anali nao kumanda. Cimene afuna ndi ciweruzo ca mwanayo.

Aliyense amene anakhalako pa bwalo la amfumu a m'mudzi, kapena ku likulu kwa Kalindawalo, kwa Nyamphande, kwa Ndake kapena kwa Nyalugwe, adziwa mmene mlandu umayendera. Wodandaula amanena zace, woimbidwa mlandu amayankha, mboni zimaitanidwa. Onsewa akatha, munthu wamkulu amene wafunsidwa maganizo ace sayamba kufotokozanso mlandu wonse kucokera tsiku limene mbuzi inalowa m'munda. Amaukumbutsa mwacidule, nanena poyera amene iye amuona kuti ndi wolakwa, ndipo pambuyo pace amaloza mau amene mboni zanena pabwalo pomwepo, kuti anthu aone kuti sali kukondera. Munthu amene aweruza popanda kuloza umboni, anthu amang'ung'udza. Amene angobwereza nkhani osaweruza, amfumu amamuuza kuti akhale pansi. M'kalasi muli cimodzimodzi. Mwana ndiye mkulu wofunsidwa maganizo, ndipo buku ndilo mboni yace.

Nthano imene ana a m'Giredi za pansi aidziwa bwino ingaonetse ici. Kunagwa cilala, ndipo nyama zinapangana kukumba citsime, koma Kalulu anakana kugwira nao nchitoyo. Madzi atatuluka, nyama zinamuletsa kumwa, ndipo zinaika mlonda. Kalulu anabwera ndi uci, nanyengerera mlonda kuti alole kumangidwa kuti alaweko. Atammanga, anamwa madzi, nasambamo, nacoka. Anacita cimeneci kwa alonda angapo, kufikira pamene Fulu, amene nyama zinamuyesa wacabe, anamugwira. Midzi ina imainena mosiyana pang'ono, koma mafupa ace ndi amenewa.

Ana ambiri akafunsidwa za nthano imeneyi angathe kunena kuti Kalulu anali waulesi ndipo ulesi ndi woipa, nakhala pansi. Sanalakwe, koma sanauze anzao kanthu kamene sanali kukadziwa. Mwana amene anakhala nayo pansi nthanoyo angathe kulankhula motere: "Aphunzitsi ndi anzanga, ine ndiona kuti mlandu waukulu suli pa Kalulu iai, koma pa alonda. Nyama zonse zinali kudziwa kale kuti Kalulu ndi wocenjera, ndipo ndico cifukwa cace zinaika mlonda. Koma mlonda aliyense ataona uci anaiwala anzace amene anakumba nao padzuwa. Akadakana woyamba uja, Kalulu sakadabweranso. Ndipo taonani kuti amene anamugwira ndi Fulu, wopanda mphamvu ndi wopanda liwiro, zimene zisonyeza kuti pa citsimepo panali kusowa kukhulupirika, osati mphamvu." Mau amenewa satenga ndi mphindi imodzi yomwe, koma muli ciweruzo, muli umboni wocokera m'nthanomo, ndipo mnzace wina angathe kuimirira ndi kutsutsa. Mwanayo akaonjezapo za mjigo wa m'mudzi mwao, umene anthu ena amakana kusonkhera ndalama ukaonongeka koma ndiwo oyamba kufika ndi zigubu ukakonzedwa, kalasi lonse lidzamvetsera, pakuti nkhaniyo yafika pakhomo pao.

Pamenepa mwana acenjere. Citsanzo ca kumudzi cikhale cimodzi ndipo cikhale cacifupi, ndiponso cisachule maina a anthu. M'kalasi muli ana a mabanja onse a m'mudzimo, ndipo mau onenedwa m'mawa ku sukulu amafika kunyumba dzuwa lisanalowe.

Ana a ku sekondale amapatsidwa mabuku akulu, ndipo njira yace sisintha. Buku la "Nthondo", limene Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku misyoni ya Nkhoma m'dziko la Malawi, analemba ndipo linasindikizidwa m'caka ca 1933, lingakhale citsanzo. Linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa, ndipo m'caka ca 1934 linatuluka m'Cingerezi ndi dzina lakuti "Man of Africa", womasulira wace ali T. Cullen Young. Lifotokoza moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira kufa: mnyamata wa makhalidwe oipa ndi wakuba, amene anapita kutali kukafuna nchito, nabwerera kwao, nakhala mfumu ya mudzi, ndipo potsiriza anatembenuka mtima nakhala Mkristu. Mwana amene ayesa kunena zonsezi pa mphindi 3 adzangothamanga ngati wothawa mvula. Koma amene asankha funso limodzi ali ndi mlandu woti aweruze. Kodi kusintha kwa Nthondo kumveka koona, kapena wolemba, pokhala mphunzitsi wa pa misyoni, anafuna kuti nkhani ithe motero? Kodi anthu anacita bwino kupatsa ufumu munthu amene mbiri yace anali kuidziwa? Funso laciwirili lingathe kuutsa mtsutso wabwino ku Petauke ndi ku Nyimba, kumene ufumu umatsata mbali ya amai monga kwa Acewa, ndipo ana anamvapo akulu ali kukambirana za woyenera kulowa dzina.

Funso likhale limodzi. Mapanga awiri abvumbwitsa. Mwana amene afuna kunena za makhalidwe a anthu a m'bukumo, za miyambi, za cilankhulo ca wolemba ndi za phunziro lace, zonse pa nthawi imodzi, sadzamaliza ndi cimodzi comwe.

Kukonzekera kumayamba ndi kuwerenga buku lenileni, ndipo apa ndi pamene ana ambiri amadzinyenga. Pakuti mabuku m'masukulu ambiri a m'midzi ndi ocepa, ndipo buku limodzi amagawana ana angapo, ena amangofunsa mnzao kuti, "Nkhaniyo inatha bwanji?" nayesa kuti akwanitsa. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwana wotere amagwidwa ndi funso loyamba lomwe, cifukwa adziwa mathero koma sadziwa njira imene nkhani inadzera. Ngati buku ndi limodzi, nkwabwino kuti ana amene aligawana akhale pamodzi ataweruka, mmodzi awerenge mokweza ena ali kumvetsera, ndipo azisinthana. Kuwerenga mokweza kotere kuli ndi phindu lina, pakuti lilime limazolowera mau a m'bukumo lisanafike tsiku lowachula pamaso pa anthu. Aliyense akhale ndi kope lace pafupi, ndipo akamva malo amene amukhudza, kapena kumukwiyitsa, kapena kumuseketsa, alembe nambala ya tsambalo ndi mau awiri kapena atatu omukumbutsa. Pamene buku litha, adzapeza kuti malo amene analemba ambiri aloza ku cinthu cimodzi. Cinthu cimeneco ndico funso lace.

Ana ena akhama amalemba zonse zimene adzanena, liu ndi liu, naziloweza pamtima. Khama lao nloyamikika koma njira yace njoopsa. Woloweza amalankhula ngati ali kuwerenga ndandanda ya maina, ndipo akaiwala liu limodzi pakati, zonse zotsatira zimagwa nalo pamodzi. Cabwino ndi kapepala kakang'ono kokwana m'dzanja, kolembedwapo ciweruzo cace m'ciganizo cimodzi, ndi malo awiri kapena atatu a m'buku pamodzi ndi masamba ace. Coyenera kuloweza ndi ciganizo coyamba cokha, pakuti mantha amakula kwambiri pa kutsegula pakamwa, ndipo ciganizo coyamba cikatuluka bwino, mtima umakhala pansi.

Ku Petauke ndi ku Nyimba kuli bvuto lina limene ana a ku Katete kapena ku Chadiza alibe kwenikweni. Mwana wa kuno anabadwira m'Cinsenga. Kunyumba amati manzi, munzi, ng'anda, vinthu, lomba; buku liti madzi, mudzi, nyumba, zinthu, tsopano. Pokana amati "nifuna lini", pamene buku lifuna kuti anene "sindifuna". Polemba ali ndi nthawi yoganiza ndi kufafaniza, koma polankhula liu la kunyumba limatuluka lokha, anzace amaseka, ndipo mwana wamanyazi amatsekera pomwepo osanenanso kanthu caka conse.

Cifukwa cace Cinyanja cinakhala cinenero ca mabuku m'dziko la Ansenga ncakale. Amisyoni a chalichi ca Dutch Reformed anafika ku Magwero m'caka ca 1899 kucokera ku Nyasaland, natsegula Nyanje m'caka ca 1905 ndi Hofmeyr m'caka ca 1914, ndipo anabwera ndi mabuku a Cinyanja amene anali nao kale. Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'caka ca 1922. Dziko litalandira ufulu, lamulo la maphunziro la m'caka ca 1966 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo zinenero za m'dziko muno zinakhala phunziro pazokha. M'caka ca 1977 Unduna wa Maphunziro unabvomereza kalembedwe ka zinenero 7, ndizo Cibemba, Cikaonde, Cilozi, Cilunda, Ciluvale, Cinyanja ndi Citonga. Cinsenga sicinali pakati pa zimenezi. Kuyambira m'caka ca 2014 ana a Giredi 1 kufikira Giredi 4 anali kuphunzitsidwa m'cinenero ca m'cigawo cao, ndipo maphunziro atsopano amene anayamba m'caka ca 2025 anabwezeranso Cingerezi patsogolo. Pa kusintha konseku, mwana wa Cinsenga wakhala ali kuwerenga mabuku m'cinenero cimene cifanana ndi cace koma sindico cace.

Palibe camanyazi pamenepa. Mwana amene amva Cinsenga, Cinyanja ndi Cingerezi ali ndi makasu atatu pamene ena ali ndi awiri. Cofunika ndi kudziwa khasu loti alimire munda uti. Maganizo ayambe kuwaumba m'Cinsenga, pokambirana ndi amai ace kapena ambuya ace, cifukwa munthu amaganiza mozama m'cinenero cimene anayamwa. Ciweruzo cikakhwima, ndi pamene acitembenuze kuti cikhale m'Cinyanja ca m'buku, nacinena mokweza kangapo, kuchera khutu pa mau aja amene amakonda kupulumuka. Nawonso aphunzitsi ali ndi mbali yao. Mwana akanena "manzi" pakati pa mfundo yabwino, mphunzitsi wanzeru amamulola kuti amalize, nayamba wayankha mfundoyo, ndipo liu lija amalikonza pambuyo pace. Kumudula pakamwa cifukwa ca liu limodzi kuli ngati kutaya dengu lonse la nshawa cifukwa ca imodzi yofumbwa. Koma kukonzako kucitike ndithu, cifukwa pa mayeso adzafuna Cinyanja. Ndipo cimene cifunika kucisamala koposa Cinsenga ndi cilankhulo ca m'tauni cimene ana amatola kwa abale ao a ku Lusaka ndi pa mafoni, cosakaniza Cingerezi m'ciganizo ciriconse. Cimeneco nca pa siteshoni ya mabasi, ndipo m'phunziro la mabuku cilibe malo.

Mwambo nawonso umalowapo. Mwana woleredwa bwino kumudzi anaphunzitsidwa kuti asayang'ane wamkulu m'maso, asakweze mau pamene pali akulu, ndipo akhale pansi kapena agwade polankhula nao. Kwa atsikana malangizo amenewa ndi olimba koposa. Tsono sukulu imuuza kuti aimirire, akweze mau, ayang'ane anthu, ndipo anene maganizo ace ngakhale asiyane ndi a mphunzitsi. Mwana wina amaona ngati auzidwa kucita mwano, ndipo amasankha kukhala cete. Amene angathe kumasula mfundo imeneyi ndi makolo okha. Atate kapena amai akauza mwana wao ndi pakamwa pao kuti kulankhula pamene wapatsidwa bwalo si mwano, mwanayo adzamva. Mwano ndi kulowerera akulu ali kulankhula. Woitanidwa ndi dzina kuti anene, nakana kutsegula pakamwa, ndiye amene anyoza womuitana. Ulemu umaonekera m'mau osankhidwa bwino, m'kupereka moni poyamba ndi kuthokoza potsiriza, ndi m'kutsutsa mfundo popanda kunyoza mwini wace. Anthu a ku Nyimba sasowa citsanzo pa nkhani ya akazi, pakuti mpando wa ufumu wa Mwape ndi umodzi mwa imene yakhalidwa ndi amai, ndipo palibe amene anati mfumu yaikazi isalankhule pabwalo.

Liu lomwe ana ali nalo. Mtsikana yemweyo amene samveka m'kalasi, Loweruka amakhala pa mseu waukulu wa Great East Road ku Nyimba ali ndi beseni la nthoci, ndipo basi yocokera ku Lusaka ikaima, liu lace limafika mpaka kwa wokhala pa mpando wa kumbuyo, injini iri kulira. Amayang'ana wogula m'maso, amatsutsana naye za mtengo, ndipo cenji sasokoneza. Mnyamata amene anong'ona pamaso pa mphunzitsi amaitana ng'ombe kutsidya kwa dambo. Cimene cisowa ndi cizolowezi ca kulankhula za buku, ndipo cizolowezi cimabwera ndi kucita.

Akulu amene anali ndi wailesi m'zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970 akumbukira Julius Chongo ndi pologalamu yace ya "Poceza M'madzulo" pa wailesi ya Zambia Broadcasting Services. Munthu mmodzi yekha anali kukhala nkhalamba, mwana, mkazi wokalipa ndi Kalulu yemwe, posintha liu lokha, ndipo midzi inali kukhala cete kumvetsera. Nthano zace zina zinasonkhanitsidwa ndi Ernst Wendland ndi kusindikizidwa ku Lusaka m'caka ca 2004. Ambuya amene anamumva angathe kuuza adzukulu mmene anali kucitira: pofulumira ndi podekha, pokweza ndi potsitsa, ndi mmene anali kuimira pang'ono asananene cinthu cacikulu kuti omvera aciyembekezere. Mwana atengepo zimenezi, makamaka kuimako, cifukwa ana amantha amathamanga kuti athane nazo msanga. Koma asaiwale kuti Chongo anali kusimba nthano, pamene iye ali kuweruza nthano. Kusintha liu kumuthandize pa malo amodzi, pamene awerenga mau ocepa a m'buku monga umboni. Akapitiriza, anzace adzaseka ndi kukondwa, koma mphunzitsi adzapeza kuti palibe cimene canenedwa.

Nchito yaikulu ya pakhomo icitike masiku awiri kapena atatu lisanafike tsikulo. Atatha kudya madzulo, mwana aimirire pabwalo, a m'banja akhale pansi, ndipo anene zonse monga adzanenera m'kalasi. Aime patali pang'ono, ngati pa nkhokwe, kuti akakamizike kukweza mau. Mmodzi agwire foni kapena wochi ndi kuona mphindi. Nthawi yoyamba adzapitirira, kapena adzatha pa theka la mphindi, ndipo zonse ziwiri nzabwino kuzidziwira kunyumba. Abale ace ang'ono adzaseka. Asaletsedwe kwambiri, pakuti amene wapirira kuseka kwa a m'mimba imodzi saopanso kuseka kwa a m'kalasi.

Kholo limene silinawerenge bukulo liri ndi funso limodzi loposa onse: "Wadziwa bwanji?" Mwana akati munthu wakutiwakuti m'bukumo anali wankhanza, ambuya afunse, "Wadziwa bwanji, mdzukulu wanga? Anacita ciani?" Akayankha ndi cimene munthuyo anacita kapena kunena, wakonzeka. Akayankha kuti, "Aphunzitsi anatero," kapena, "Ndi mmene ziriri," abwerere ku buku. Funso lina ndi lakuti, "Nanga wina akati iai, udzati ciani?" Akulu a m'midzi adziwa bwino kufunsa motere, cifukwa ndi mmene amafunsira mwana amene wabwera ndi nkhani yakuti mbuzi yatayika. Ndipo kusawerenga kwao kuli ndi ubwino wace. Ngati ambuya amene sanaone bukulo amva bwino cimene mdzukulu ali kunena, ndiye kuti mau ace ndi olongosoka. Ngati asokonezeka, anzace a m'kalasi adzasokonezekanso.

Makolo akumbukirenso kupatsa mwana mpata. Pa nyengo ya kupalira kapena ya kukolola, mwana amene wacokera ku sukulu ndi kupita kumunda, nabwerako ndi mdima, natumidwanso kumadzi, sangakonzekere kanthu. Theka la ora kwa masiku atatu silingagwetse munda.

Tsikulo likafika, mwana aimirire mowongoka, manja asakhale m'matumba kapena pakamwa, apume kamodzi, napereke moni kwa aphunzitsi ndi kwa anzace. Achule dzina la buku ndi la wolemba wace, anene ciweruzo cace poyamba pomwe, ndipo umboni utsate. Alankhulire mnzace wokhala kumbuyo kweni-kweni, pakuti uyo akamva, onse amva. Ngati kuyang'ana anthu m'maso kumubvuta, ayang'ane pamwamba pa mitu yao. Akaiwala, ayang'ane kapepala kace mosabisa, napitirize. Akatha, anene kuti watha, athokoze, ndipo ayembekeze mafunso ali ciimirire. Funso limene sadziwa yankho lace abvomere kuti sadziwa, cifukwa kupeka zimene mulibe m'buku pamaso pa anthu amene analiwerenga ndiko kumene kucititsa manyazi. Ndipo mnzace akamutsutsa ndi umboni woposa wace, kunena kuti, "Pamenepo mwanena zoona," sikugonja kocititsa manyazi iai. Aphunzitsi ambiri amaona cimeneci ngati cizindikiro ca mwana amene ali kuganiza.

Kunena cilungamo, m'masukulu ena mpata wotere umapezeka mwa kamodzi-kamodzi, ndipo zifukwa zace nzomveka. Mbali yaikulu ya mayeso a Examinations Council of Zambia ndi yolemba, cotero mphunzitsi amene ali kuthamangira kumaliza silabasi amaona kulankhula ngati kutaya nthawi. Ndiponso kuyambira m'caka ca 2022, pamene Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira Giredi 12, ana ambiri anabwerera ku sukulu ndipo makalasi anadzaza. Ngati m'kalasi muli ana 80, ndipo aliyense apatsidwa mphindi 3, pafunika mphindi 240, ndiwo mapiriyodi 6 a mphindi 40, osawerengera mafunso. Mphunzitsi amene acita mantha ndi ciwerengero cimeneci sangadzudzulidwe kwambiri.

Komabe nthawi imeneyi siyotayika. Funso la pa mayeso a mabuku limafuna cinthu comweco cimene mwana amacita poimirira, ndico kunena ganizo ndi kulicirikiza ndi zocitika za m'buku. Amene wacita ici ndi pakamwa, natsutsidwa ndi anzace, nayankha, adzacilemba mosabvuta. Ndipo ana ambiri a m'maboma awiriwa, akamaliza sukulu, moyo wao udzafuna pakamwa koposa colembera: pa msonkhano wa kopaletivu ya feteleza, pa bwalo la mlandu wa malire a munda, ku cipatala pofotokoza matenda a mwana, ndi pa kukambirana za ukwati. Maphunziro atsopano a m'caka ca 2025 nawonso alimbikitsa kuti mwana aonetse cimene angathe kucita, osati cimene waloweza cabe.

Njira yocepetsera bvuto la unyinji iripo. Mphunzitsi angathe kugawa kalasi m'magulu a ana 8 kapena 10, kunja pansi pa mitengo ngati m'kalasi muli mothina, kuti aliyense alankhule kwa gulu lace pa piriyodi imodzi, iye ali kuyendera magulu. Pambuyo pace ana awiri kapena atatu okha alankhule kwa kalasi lonse pa ciyambi ca phunziro liri lonse. Coopsa pa magulu ndi cakuti ana amasankha mnzao mmodzi yemweyo wolongolola kuti aziwaimira nthawi zonse, ndipo amanyazi amabisala kumbuyo kwace kufikira atamaliza sukulu. Cotero wosankha akhale mphunzitsi, potsata maina a m'kaundula ndi kuika cizindikiro pa dzina la aliyense amene walankhula, ndipo mwana auzidwe tsiku lace sabata imodzi lisanafike kuti akakonzekere kunyumba. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, pamene nkhani za madesiki ndi njerwa za nyumba ya aphunzitsi zatha, kholo liri ndi ufulu wofunsa ngati mwana wace anaimirirapo kunena za buku pa temu imeneyo, ndi kupempha kuti auzidwe tsiku limene adzaimiriranso.